Gemu ndi mapu, osati mfuti

Anzanga amene mwaima pa bolodi pano, makamaka inu anyamata a pansi pa mtengo wa mango, ndikudziwa kuti ena mwangoona mutuwu n'kuyamba kale kuseka kuti wa Fomu 2 akufuna kuphunzitsa akuluakulu za magemu. Sekani, palibe vuto, bola muwerenge mpaka kumunsi. Sabata yatha pa buleki anthu awiri anatsala pang'ono kugwirana m'makolala chifukwa cha funso limodzi: gemu yabwino ndi iti pakati pa Free Fire ndi Call of Duty Mobile? Wina amati Call of Duty ili ndi mfuti zooneka ngati zenizeni. Winayo amati Free Fire ili ndi zovala zapamwamba. Belu linalira asanamvane. Ine ndinali phee chifukwa mawu anga sangapikisane ndi a achimwene a Fomu 4, ndiye ndati ndiyankhire papepala.

Maganizo anga ndi akuti onse awiri amakanganirana chinthu cholakwika. Gemu yowomberana imakoma kapena kuipa chifukwa cha mapu, ndiye kuti malo amene amakuponyanimo kuti mulimbane. Ndipo kampani yopanga magemu tiziyiyeza ndi mafunso awiri basi. Loyamba, kodi mapu ake ndi achilungamo? Lachiwiri, kodi inatiganizirako ife a mafoni otchipa ndi netiweki yakumudzi? Zovala ndi mfuti zagolide zija ndi chikomekome cha mkuyu.

Ndiulule kaye kuti ine foni ndilibe. Ndimasewera pa foni ya achimwene anga, Loweruka masana tikapita pa Nsaru kukaitchajitsa, ndipo nthawi zambiri amandibwereka batire itatsala pang'ono kutha. Masiku ena onse ndimakhala pa njinga, m'kalasi, kapena kudimba. Choncho udolo ndilibe. Koma munthu amene amafa pafupipafupi m'gemu ndi amene amakhala ndi nthawi yambiri yodzifunsa kuti, "Kodi apapa ndafa chifukwa chani?" Yankho lake nthawi zina ndi zala zanga. Nthawi zambiri ndi malo amene ndinaima.

Tiyambe ndi zomwe tonse timazidziwa. Bwalo la mpira la kwathu ndi lopendekera, ndipo chakugolo lakumunsi kuli kachulu. Timu yomenyera chakumunsi mpira umaithamangira wokha, pomwe yomenyera chakumtunda imatuluka thukuta kawiri. N'chifukwa chake pa hafu timasinthana magolo, ndipo amene angakane kusinthana aliyense amadziwa kuti akufuna kubera. Tayang'ananinso bawo. Maenje alipo 32, aliyense ake 16, ndipo nkhomo zonse 64 zimagawidwa mofanana. Agogo athu sanapite ku sukulu ya makompyuta, koma ankadziwa kuti masewera akayamba mokondera ndiye kuti atha asanayambe. Atsikana, musati nkhaniyi si yanu. Pa fulaye, oponya mpira akaima pafupi kwambiri wapakati sachedwa kulasidwa, akaima patali kwambiri masewera satha mpaka dzuwa kulowa. Amene amajambula mizere pansi uja ndiye wapanga mapu. M'magemu a pa foni ntchito yake ndi yomweyi, kungoti kumeneko anthu amalandira nayo malipiro.

Chinthu china chimene okangana aja sanachione ndi chakuti magemu awiriwa ndi osiyana mtundu. Mu Call of Duty Mobile, pa masewera a anthu asanu mbali iyi asanu mbali inayo, umaona ndi maso a msilikali wako. Pa sikirini pamaoneka manja ndi mfuti basi. Kuti uone kuseri kwa khoma uyenera kusuzumira, ndipo ukasuzumira nawenso waonekera. Mu Free Fire umaona msana wa munthu wako ngati ukumutsatira pambuyo, ndiye utha kubisala kuseri kwa khoma uku ukuona amene akubwera, iye osakuona. Khoma lomwelo limagwira ntchito ziwiri zosiyana m'magemu awiriwa. Kuwayerekeza osaganizira zimenezi kuli ngati kukangana kuti chabwino n'chiti pakati pa njinga ya kabaza ndi ngolo.

Tsopano nazi zinthu zitatu zimene ine ndimayezera mapu.

Choyamba ndi pobadwira. M'masewera ambiri a Call of Duty, ukafa umabadwanso pakangopita timasekondi. Funso n'lakuti akubwezera pati? Mapu abwino amakubwezera pamalo poti upume kaye, uone kumene anzako ali, kenako usankhe njira. Mapu oipa amakubwezera pamphuno pa mfuti ya amene wangokupha kumene. Pali mapu ena otchedwa Shipment, kamalo kakang'ono kodzaza ndi makontena ngati amene timawaona pa matiraki pa msewu wa ku Mchinji. Ambiri amawakonda chifukwa umapha anthu ambiri m'kanthawi kochepa. Ine ndimati pamenepo palibe nzeru, ndi mpwepwete chabe. Utha kubadwa, kufa, kubadwa, kufa, usanasunthe n'komwe chala. Kusangalatsa amasangalatsa, koma wopambana pamenepo asamadzitame.

Chachiwiri ndi njira. Mapu ambiri okondedwa ali ndi njira zikuluzikulu zitatu: yakumanzere, yapakati ndi yakumanja, ndipo pali tinjira tolumikiza. Chitsanzo chabwino ndi Raid, nyumba ya munthu wolemera ku Hollywood Hills, imene inatuluka koyamba mu Black Ops II m'chaka cha 2012. Mbali ina kuli dziwe losambiramo, pakati pali bwalo, mbali inayo kuli kofikira magalimoto. Ubwino wa njira zitatu ndi wakuti timu ya anthu asanu singatseke zonse bwinobwino. Akadzazana pakati, iwe umazungulira m'mbali n'kuwatulukira kumbuyo. Njira ikakhala imodzi, wa mfuti yoombera patali amangogona poteropo n'kumatola aliyense wodutsa ngati akutola ngumbi. Njira zikachuluka kwambiri, sudziwa kumene mdani atulukire, ndiye umangofa osadziwa chakupha. Zitatu ndi zokwanira kuti mutu ugwire ntchito koma usasokonezeke.

Chachitatu ndi pobisala. Taganizani kudutsa m'munda wa fodya atakolola, wina akukudikira pamwamba pa chulu ali ndi legeni. Ulibe pothawira. Tsono taganizani munda womwewo uli ndi milu ya mapesi apa ndi apo. Utha kuthamanga kuchoka pa mulu wina kufika pa wina. Mu Nuketown, mapu otchuka aja a nyumba ziwiri zoyang'anizana, yachikasu ndi yobiriwira, pakati pa msewu anaikapo basi ndi lole. Sanaziike pamenepo kuti zikongoletse malo ayi. Popanda magalimoto amenewo, wokhala pa zenera la m'mwamba akanamaona msewu wonse, ndipo palibe akanawoloka. Lamulo lake n'losavuta: malo alionse okwera kapena amphamvu akhale ndi khomo lakumbuyo lolowera amene akufuna kumuchotsapo wokhalapoyo. Malo opanda khomo lotero ndi amene amabereka okampa, anthu aja amangokhala pangodya gemu yonse osasuntha.

Nanga makampaniwo, aliyense mphamvu yake ili pati? Ambiri timangoti "a Call of Duty" ngati ndi munthu mmodzi, koma dzinali ndi la kampani ya Activision ya ku America, ndipo ili ndi magulu angapo amene amasinthana kupanga. Gulu la Infinity Ward ndi limene linapanga Call of Duty yoyamba mu 2003. Mapu a Crash, aja pakati pake pali helikopita yakugwa, ndi awo, a mu 2007. Shipment ndi yawonso ya chaka chomwecho, ndipo Rust, ya kuchipululu yokhala ndi nsanja pakati, ndi ya mu 2009. Luso lawo ndi kupanga malo ooneka ngati tauni yeniyeni, okhala ndi mazenera ambiri, nyumba zosanjikizana ndi mbali ziwiri zosafanana. Zikayenda bwino, ngati pa Crash, zimakoma kwambiri. Zikalakwika zimapweteka. Mu Modern Warfare ya 2019 anaikamo mapu a Piccadilly, otengera malo ena a mumzinda wa London, ndipo osewera ambiri anadandaula kuti timu ina imapanikizidwa pobadwira pake osatha kutuluka.

Gulu la Treyarch ndi limene linapanga Black Ops mu 2010, momwe munachokera Nuketown ndi Firing Range, kenako Black Ops II momwe munachokera Raid, Standoff ndi Hijacked, mapu aja a pa sitima yapamadzi. Iwowa amadziwika ndi njira zitatu zija. Mitundu ya zinthu m'mapu awo imakhala yowala, ndiye mdani amaonekera msanga. Ena amawanyoza kuti mapu awo amafanana onse ngati nyumba za aphunzitsi. Ine ndikuti kufanana kumeneko ndi kumene kumathandiza munthu wosewera kamodzi pa sabata. Ukasewera kawiri katatu wawadziwa kale, sufunika kuwaloweza mwezi wathunthu.

Call of Duty Mobile imene timasewera pa foniyi sanapange ndi awiriwa ayi. Inapangidwa ndi TiMi, gulu la kampani ya Tencent ya ku China, ndipo inatuluka mu Okutobala 2019. Nzeru yawo inali yotenga mapu akale amene anthu anawayesa kale kwa zaka zambiri, a Treyarch ndi a Infinity Ward omwe, n'kuwalowetsa m'foni. Ndiye pamene mukukangana kuti Nuketown ndi yabwino kuposa Crash, dziwani kuti mukuyerekeza ntchito za magulu awiri osiyana m'gemu imodzi.

Free Fire ndi ya kampani ya Garena ya ku Singapore, ndipo inatuluka mu 2017. Masewera ake aakulu ndi oponya anthu 50 pa chilumba, malo otetezeka n'kumachepachepa mpaka atatsala mmodzi kapena timu imodzi. Gemu imatha pa mphindi pafupifupi 10. Yerekezani ndi PUBG Mobile, imene pa mapu a Erangel imaponya anthu 100 pa malo a makilomita 8 m'litali ndi 8 m'lifupi. Kumeneko utha kuthamanga nthawi yaitali osakumana ndi munthu, kenako n'kuphedwa ndi wina amene sunamuone n'komwe. Kwa wa magetsi a m'nyumba zimenezo n'zokoma. Kwa ine wa batire yotsala pang'ono, ndi kutaya nthawi. Eni ake a PUBG Mobile nawonso anaona kuti ena amafuna zachangu, ndipo mu 2020 anatulutsa Livik, mapu a makilomita 2 okha mbali iliyonse.

Pa mapu a Bermuda a Free Fire pali nzeru ina. Malo ngati Clock Tower, Factory ndi Peak ndi amene anthu ambiri amathamangirako, ndiye olimba mtima amatsikira komweko, ife amantha timatsikira kumphepete n'kumalowa pang'onopang'ono. Aliyense amasankha kukula kwa ngozi imene akufuna. Ndiponso pali gloo wall, khoma limene umayenda nalo m'thumba n'kuliponya pansi zikavuta. Chifukwa cha khoma limeneli mapu awo atha kukhala ndi malo ambiri apambalambanda, poti pobisala umapanga wekha. Ali ndi mapu enanso otchedwa Kalahari, dzina la chipululu chija cha ku Botswana ndi Namibia chimene tinaphunzira mu Jogalafe, ngakhale kuti kufanana kwake ndi mchenga wokha.

Tsono chigamulo changa ndi ichi. Pa funso loyamba, la mapu achilungamo, chikho ndikupereka kwa Treyarch. Pa foni ya sikirini yaying'ono, mwinanso yosweka pakona ngati ya achimwene anga, mapu a mazenera ambiri ndi imfa. Mdani amaoneka ngati kachitsotso. Pamwamba pa apo makompyuta akuluakulu amene amalumikiza osewera ali kunja kwa dziko lino, ndiye uthenga wa chala chako umayenda ulendo wautali usanabwerere. Mnzako wa ku Johannesburg amakhala atakuona kale iwe usanamuone. Pa mapu a njira zitatu ndimadziwa kumene atulukire, ndiye ndimatha kumudikira nditaloza kale. Mapu otere amachepetsa mpata pakati pa wolemera ndi wosauka.

Pa funso lachiwiri, la kutiganizira ife, chikho ndi cha Garena. Free Fire anaipanga kuti iziyenda ngakhale pa mafoni ofooka, ndipo siidya malo ambiri m'foni ngati Call of Duty Mobile. N'chifukwa chake mu 2019 inali gemu ya pa foni imene anthu anaitsitsa kwambiri pa dziko lonse, ngakhale zithunzi zake sizinali zopambana zonse. Iwo anaona kuti anthu a mafoni otchipa ndi ambiri kuposa a mafoni odula. Komabe a Free Fire musavine msanga. Gemu yanuyi ili ndi anthu okhala ndi mphamvu zapadera, monga Alok amene amachiritsa anzake omuzungulira, ndi Chrono amene anapangidwa potengera Cristiano Ronaldo mu 2020 ndipo amadzitchinga ndi chishango. Mphamvu zikachoka m'mapu n'kupita mwa munthu amene wamutsegula, wothira ndalama zambiri amayamba ali patsogolo. Pa bawo palibe amene amagula nkhomo zoonjezera.

Ndikudziwa zimene aphunzitsi ndi makolo anene akawerenga izi. Anena kuti magemuwa ndi a mfuti, amadya ndalama, ndipo ife a Fomu 2 tili ndi mayeso a JCE kutsogoloku. Sinditsutsa. Ma Call of Duty akuluakulu aja, a pa PlayStation ndi pa kompyuta, amalembedwa poyera kuti ndi a anthu akuluakulu, ndipo mng'ono wanga wa Sitandade 3 sindimulola kuonerera. Lamulo loletsa mafoni pa sukulu pano ndimagwirizana nalo. Za ndalamazo ndiye ndili ndi umboni. Teremu yatha amayi anandituma kuchigayo, ine n'kutapako pa ndalama ya chigayoyo kugula bandulo, poganiza kuti ndibweza ndikapeza ganyu. Ndinagayitsa chimanga chochepa, china n'kubwerera nacho n'kunama kuti magetsi anathima. Amayi sanandikalipire. Anangotenga chotsalacho madzulo omwewo n'kuyamba kusinja mumtondo, atachokera kumunda tsiku lonse. Phokoso la munsi uja ndimalikumbukirabe. Bandulo ija inatha tsiku lomwelo, ndipo sindikumbukira n'komwe ngati ndinapambana. Ndinawaululira patapita masiku atatu, ndipo ndalamayo ndinaibweza ndi ganyu wothirira tomato.

Ndiye sindikukuuzani kuti muzisewera kwambiri ayi. Amene amapanga magemuwa ndi ochenjera kuposa ife, amadziwa kukupangitsa kunena kuti "kamodzi kokha komaliza" mpaka kakhumi. Chimene ndikunena n'chakuti ngati tikuwononga kale nthawi yathu ya buleki pa nkhani za magemu, bwanji osatulukapo ndi kanthu? Kukangana za zovala kumapindulira ogulitsa zovalazo basi. Kukambirana za mapu kumakuphunzitsa kuganiza za mtunda, nthawi ndi chilungamo.

Mapu amodzi otchuka kwambiri pa dziko lonse m'magemu owomberana ndi Dust II a mu Counter-Strike, gemu ya pa kompyuta. Ndinawaonera pa laputopu ya asuweni anga amene amaphunzira ku Lilongwe. Ali ndi malo awiri, A ndi B, amene timu ina imateteza pomwe ina ikufuna kulowa, njira yaitali mbali ina, njira yapakati, ndi mphanga mbali inayo. Pakati pa masewera matimu amasinthana mbali, ndendende ngati pa bwalo lathu lopendekera lija. Amene anawapanga ndi David Johnston wa ku Britain. Mapu oyamba, Dust, anawapanga mu 1999 ali mnyamata wosakwana zaka 20, osati pa ntchito ya kampani, ndipo Dust II inatuluka mu 2001. Mpaka lero anthu akuwasewerabe mu Counter-Strike 2 imene inatuluka mu 2023. Gemu ya Counter-Strike yomweyo anaiyamba ndi anthu awiri, Minh Le ndi Jess Cliffe, posintha gemu ina yotchedwa Half-Life, kenako kampani ya Valve n'kuigula. Zoona, iwo anali ndi makompyuta, ife tilibe. Koma kuganiza kuti khoma liime pati ndiponso kuti timu iyi ifike pamphambano nthawi imodzi ndi inayo sikufuna kompyuta. Kumafuna pepala, pensulo ndi lula.

Nali pempho langa. Aliyense wofuna atenge pepala limodzi la girafu ajambule mapu ake. Aike sikelo, kiyi ndi muvi woloza kumpoto monga momwe timachitira mu Jogalafe, zimenenso zitithandiza pa mayeso. Aonetse pobadwira pa matimu awiri, njira zake, pobisala, ndi malo amodzi amphamvu pamodzi ndi khomo lake lakumbuyo. Ayeze ndi lula kuti kuchoka pobadwira paliponse kufika pakati mtunda ndi wofanana. Malowo akhale ongopeka. Tisajambule sukulu yathu kapena nyumba za anthu ngati malo ankhondo, zimenezo n'zopanda ulemu. Ndikupempha aphunzitsi oyang'anira bolodili kuti akalola, mapu atatu abwino adzamatidwe pompano. Ndipo Lachisanu lina nthawi ya masewera tidzayese amodzi pa bwalo: mizere tijambule ndi phulusa, pobisala tiike mabenchi ndi matumba a mapesi, chida chikhale mpira wachikulunga ngati pa fulaye, wolasidwa azibwerera pobadwira. Sipafunika foni, bandulo kapena batire. Anyamata ndi atsikana tidzasakanikirane, ndipo ndikuchenjezeranitu anyamata kuti pa nkhani yozinda mpira atsikana a Fomu 1 atichititsa manyazi.

Timu imodzi ikadzapambana kawiri konse, tisanasinthane mbali komanso titasinthana, ndiye kuti ndi madolo enieni. Koma ikadzapezeka kuti aliyense woyambira mbali inayake ndi amene akupambana, wojambula mapuwo adzabwerere ku pepala lake akakonze. Anga ndayamba kale kujambula kuseri kwa kope la Masamu, ndipo ndafufuta kanayi chifukwa njira yakumanja imangotuluka yaifupi.

Achimwene awiri a pansi pa mango aja, bweretsani anu. Amene sakugwirizana nane pa za Treyarch ndi Garena ayankhe pa bolodi lomweli sabata yamawa, koma abwere ndi dzina la mapu ndi chifukwa chake, osati za zovala.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2